Azungu akujambula, ife tikukokolola kwa Chembe

Akuluakulu a m'maofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre amaidziwa nyanja ya Malawi ngati malo a masemina. Amafika usiku pagalimoto ya kuntchito, m'mawa kulowa m'holo, masana kusainira alawansi, madzulo chambo chokazinga ndi kabotolo kozizira pambali. Pobwerera amaima pamsewu n'kugula nsomba zokoleka pagalasi la galimoto, basi ulendo watha. Muwafunse kuti kunyanja mwaonako chiyani, akuyankhani kuti madzi.

Ndisaname, nanenso ndakhala m'gulu lomweli zaka zambiri. Koma ulendo uno ndidachita dala. Nditatsika minibasi pa Monkey Bay ndidakwera kabaza wa njinga yamoto kulowera ku Cape Maclear, kumene eni ake amati kwa Chembe, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kudutsa m'mapiri a miyala momwe muli anyani osaopa munthu. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kuyenda wapansi m'mbali mwa madzi kuchokera m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, kuti ndione chimene azungu amatayira ndalama zankhaninkhani pandege kudzaona kuno, pamene ife eni dziko timangopondapo n'kumapita.

Ndidayambira kumapeto kwa mudzi, mbali yoyandikana ndi chilumba cha Domwe, kumene asodzi amakocheza. Kunja kunali kusanayere bwino, mabwato ndi maboti a injini akubwerako kokapha usipa. Usipa amaupha ndi nyali. Munthu mmodzi, amene amamutcha siginala, amakhala m'bwato ndi nyali zowala, nsomba n'kusonkhana pansi pa kuwalako, anzake n'kuzizinga ndi ukonde wa chilimira. Akangofika pamtunda pamakhala chipwirikiti. Amayi a geni ndi mabeseni awo, anyamata ndi ndowa, mtengo kukwera ndi kutsika ngati pa okushoni ya fodya, kenako usipa uja n'kuyalidwa pa mathandala kuti uume.

Komatu si anthu okha amene amadikira mabwatowo. Akakowa anali atandanda kale m'mbali mwa madzi, oyera mbee ngati amayi a Mvano, aliyense kudikira kansomba kakugwa m'ndowa. Pambali pawo panali nantchengwa, mbalame yofiirira ya mutu wonga nyundo ija, ikupalasa matope ndi phazi kuti tizilombo tituluke. Kumudzi kwathu ankatiopseza kuti mwana akaphwasula chisa cha nantchengwa aona malodza. Kaya zinali zoona kaya ayi, koma chisa chimenechi ndi nyumba yeniyeni, mtolo wa timitengo waukulu moti munthu atha kuimapo osagwa, ndipo malodza aja ndiwo akhala akuchiteteza kuposa lamulo lililonse la ku Nyumba ya Malamulo.

Chapatsogolo pang'ono kambalame ka mawanga akuda ndi oyera kadaima malo amodzi m'mwamba, mapiko okha akugwira ntchito, maso ali pamadzi. Kenako kadadziponya ngati mwala, thibu! Potuluka kali ndi kansomba kukamwa. Ndidaima pamenepo mphindi zingapo kukamwa kuli yasa. Mayi wina amene ankatsuka mapoto adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndikhulupirira adaganiza kuti bamboyu mutu sukuyenda bwino.

Gombe la kwa Chembe ndi lalitali makilomita angapo, ndipo ndi chilichonse kwa anthu a m'mudzimo. Ndi bafa, ndi pochapira, ndi msika, ndi bwalo la mpira, kwa ena n'chimbudzi chomwe. Sindikunena monyoza ayi. Munthu amene ali ndi nyanja pakhomo sangapite kukaima pamzere wa pamjigo kuti achape bulangete. Koma zimene mafunde amalavula pamchenga zimatiulula. Majumbo, mabotolo apulasitiki, zidutswa za maukonde, masilipasi a phazi limodzi. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kugwirizana nalo mu 2019, koma nkhaniyi zikuoneka kuti majumbowo sadaimve.

Pakati pa zinyalala zomwezo ndidatola tizigoba ta nkhono, ting'onoting'ono ngati chikhadabo cha chala chaching'ono. Ndidaponya tiwiri m'thumba la malaya. Tisungeni m'mutu, tibwererako.

Bango ndidangolipeza apo ndi apo, makamaka pamene timitsinje timathira m'nyanja. Pamene lilipo pamakhala moyo wambiri: timbalame tachikasu toluka zisa zolendewera, achule, atombolombo, ndipo m'munsi mwake, pakati pa mizu, tiana ta nsomba tambirimbiri tikubisala. Bango ndiye chikuta cha nsomba. Limaphwanyanso mphamvu ya mafunde ndi kusefa matope ochokera kumtunda. Koma m'madera ambiri a m'mbali mwa nyanjayi bango lidasadzulidwa, ena kukaluka mphasa ndi mipanda, ena pofuna mchenga woyera woti alendo azigonapo. Mu 2024 madzi a nyanja atakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, tidaona anthu akuunjika matumba a mchenga pamalo pamene chilengedwe chidaika mpanda waulere. Sindikuti bango likadaletsa madzi kukwera. Koma gombe lometedwa mpala mafunde amangolidya ngati chigumu.

Mitengo imene yatsala chiimire m'mudzimo ndi milambe. Mlambe ndi nkhalamba yosapsa mtima. Mbuzi zimaukunga, ana amaugenda kufuna malambe, anthu amausenda khungwa kupota zingwe, iwo uli phee. Maluwa ake oyera amatseguka madzulo ndipo amene amawayendera usiku kuti abereke ndi mileme, yomwe ija timaithamangitsa m'matchalitchi. Chimene chidaupulumutsa n'chakuti thunthu lake ndi lofewa, lodzaza madzi, silipanga nkhuni kapena thabwa. Anzake olimba adapita kale, ambiri kukawamba nsomba. Mukakweza maso kumapiri ozungulira mudziwo muona mikuyu itakumbatira miyala ndi mizu yake yoyera, ndi misetanyani ya makungwa osalala imene akuti ngakhale nyani amaterereka. Amayi amaloledwa kukatola nkhuni zouma m'nkhalangomo ndi chilolezo, koma mudzi ukukula tsiku ndi tsiku pamene phiri ndi lomwe lija.

Malo ano ali ndi mbiri yake. Dzina loti Cape Maclear adapereka ndi David Livingstone pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, mmodzi mwa iwo Robert Laws, adamanga pano mishoni yoyamba ya Livingstonia, koma malungo adawasautsa mpaka mu 1881 adasamukira ku Bandawe. Manda a anzawo amene adatsala alipobe m'munsi mwa phiri, kufupi ndi chipata cholowera kumalo otetezedwa a Lake Malawi National Park.

Paki imeneyi idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Siidakhazikitsidwe chifukwa cha njovu kapena mikango ngati Liwonde ndi Kasungu. Idakhazikitsidwa chifukwa cha nsomba. Madzi ofika mamita 100 kuchokera pagombe la pakiyo ndi la zilumba zake, monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo, ndi oletsedwa kuponyamo ukonde. Midzi ngati Chembe ndi Msaka idasiyidwa mkati momwemo, anthu ake n'kumasodzabe kunja kwa malirewo. Vuto ndi lakuti pamadzi palibe waya, ndipo usiku ulibe mboni.

Nditalipira pachipata ndidafika pa Otter Point, pamene mchenga umathera n'kuyamba miyala ikuluikulu yosanjikizana. Dzinali likuchokera kwa akatumbu. Ndidawadikira ndithu koma sadabwere, mwina anali kusemina nawonso. M'malo mwake ndidakumana ndi ng'azi yaitali ngati mkono ndi theka ikuwothera dzuwa pathanthwe, lilime lili tulutsu tulutsu. Itandiona idatsetsereka n'kulowa m'madzi, kusambira ndi mchira ngati kang'ona. Pamwamba pa miyala panali mbira zikundisuzumira, ndi gulo wa mutu wobiriwira akugwedeza mutu ngati akuvomera mlandu.

Mnyamata wina woperekeza alendo adandibwereka galasi loonera pansi pa madzi. Ine kusambira kwanga ndi kwa pa Lilongwe nthawi ya chilimwe, madzi olekeza m'mawondo, ndiye ndidangogwira mwala ndi manja onse awiri n'kuviika nkhope.

Abale anzanga, zaka zonsezi ndakhala ndikudya nsomba koma ndinali ndisanaionepo nsomba.

Pansi pa mphuno yanga panali nsomba mazanamazana, zazitali ngati chala, zina zobiriwira ngati thambo, zina zachikasu ngati mango akupsa, zina za mizeremizere ngati mbidzi, zina za mawanga. Sizinkathawa. Zinkangokukuta ndere pamiyala, zina zikuthamangitsana, yaimuna iliyonse ikulondera kaphanga kake ngati mlonda wa pa golosale. Zimenezi ndiye mbuna, dzina lochokera kwa anzathu a Chitonga. Akatswiri amati nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Ya banja la mbuna, utaka ndi chambo lokha imaposa 700, ndipo pafupifupi yonse simungaipeze kwina kulikonse. Ku Germany, ku Britain ndi ku America anthu amaziweta m'mabokosi a magalasi m'nyumba zawo, amazidziwa maina ndi chilumba chimene iliyonse idachokera. Ife timangoti tinsomba ta m'miyala.

Chinsinsi cha kuchuluka kwa mitunduyi n'chakuti mbuna ndi yokonda kwawo. Siikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, ndiye mulu uliwonse wa miyala uli ngati mudzi wa paokha, wokhala ndi mtundu wake ndi zovala zake. Mtundu wina umapezeka pa chilumba chimodzi chokha. Mukawononga pamenepo, mwaufafaniza padziko lonse.

Kaberekedwe kake nako n'kodabwitsa. Yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu, osadya kanthu, mpaka ana ataswa. Chambo chimachitanso chimodzimodzi, ndipo ana ake akaona zoopsa amathamangira m'kamwa mwa mayi wawo. Pamchenga wa pansi pa madzi mumaona timaenje tozungulira bwino ngati mbale. Timeneti amakumba ndi amuna a mitundu ina, kunyamula mchenga ndi pakamwa, kuti akope akazi. Wa nyumba yosalongosoka sapeza banja, ngati kumtunda konkuno.

Muli ndi akathyali omwe. Nsomba ina yotchedwa kaligono imagona chammbali pamchenga ngati yafa, thupi lili mawangamawanga ngati layamba kuwola. Tinsomba tikabwera kudzadya maliro, womwalirayo amadzuka n'kumeza olira. Ndale zenizeni. Pamene kampango, amene timamudziwa ali wowamba pamsika, ndi kholo la chitsanzo: bambo ndi mayi amalondera ana awo limodzi pachisa, ndipo mayi amaikira mazira ena osaswa kuti anawo adye.

Masana tidakwera boti kupita ku Thumbi, chilumba chimene chili moyang'anizana ndi mudzi. Kumeneko anyamata a maboti ali ndi sewero lawo. Amaimba likhweru, n'kuponya nsomba pamadzi. Nkhwazi imanyamuka pamtengo, mutu ndi chifuwa zoyera, mapiko akuda, n'kutsika mwaulemu, zikhadabo patsogolo, tsomphu! Madzi osagwedezeka n'komwe. Ikabwerera pamtengo imaponya mutu kumbuyo n'kulira kulira kuja kumene aliyense wokulira kunyanja amakudziwa. Mbalame imeneyi ili pamwamba pa chizindikiro cha boma lathu, ndipo anzathu a ku Zambia adaiika pa mbendera. Azungu amene tinali nawo m'boti adajambula mpaka mabatire kutha. Ine ndinkangoganiza kuti nkhwazi ya pa chidindo cha boma yafika podikira usipa wa m'manja mwa munthu.

Tsopano tibwerere ku tizigoba tija.

Likodzo timalidziwa tonse. M'midzi ina mnyamata akayamba kukodza magazi ankati wakula. Kayendedwe kake n'kotere: wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tizilombo amaswa n'kulowa mu nkhono. Mmenemo timachulukana, n'kutuluka, n'kuboola khungu la aliyense amene akusamba, kuchapa kapena kukoka ukonde. Tikakhwima timakakhala m'mitsempha ya kuchikhodzodzo. Likakhalitsa limawononga chikhodzodzo ndi impso, limasokoneza ziwalo zoberekera za amayi, ndipo mwana amafooka n'kumagona m'kalasi. Popanda nkhono, likodzo silingayende.

Kale anthu ankakhulupirira kuti nkhono zofalitsa likodzo zimakhala m'madambo, m'timitsinje ndi m'mabango mokha, ndipo kuti gombe la mchenga woyera, lowombedwa ndi mafunde, ndi labwinobwino. Mabuku a alendo ankalemba zomwezo. Koma mu 1992 anthu awiri a ku America ogwira ntchito mongodzipereka a Peace Corps adadwala likodzo lofika ku ubongo ndi kumsana atasambira ku Cape Maclear, ndipo nkhani idamveka kunja. Ana a kwa Chembe anali akukodza magazi nthawi yonseyo, koma paja kuti chinthu chimveke chimayamba chagwira mlendo.

Ofufuza, kuphatikizapo Jay Stauffer wa ku America amene wakhala akumira m'madzi a kuno kwa zaka zambiri ndi Henry Madsen wa ku Denmark, adaunika nkhaniyi. Mu 2001 zidatsimikizika kuti kupatula nkhono ya m'mabango ija, palinso ina yotchedwa Bulinus nyassanus, yopezeka m'nyanja ya Malawi mokha, imene imakhala mumchenga weniweniwo ndipo nayo imanyamula likodzo. Ndiye amene adasadzula bango poganiza kuti athana ndi nkhono adangovutika chabe.

Nanga nkhono ya mumchengayi idachuluka bwanji? Apa mpamene pagona nkhani. M'nyanjamu muli nsomba zodya nkhono, ina mwa izo akatswiri amaitcha Trematocranus placodon, ya mano ophwanyira zigoba kukhosi. Stauffer ndi anzake adaona kuti poyerekeza ndi cha m'ma 1980, nsomba zimenezi zidachepa kwambiri m'madzi osaya a kwa Chembe, pamene nkhono zidachuluka, likodzo nalo n'kukwera. Chimene adachiloza chala ndi makoka a pagombe a maso ang'onoang'ono, amene amakokolola chilichonse. N'zoona kuti kuchuluka kwa anthu ndi kuchepa kwa zimbudzi nazo zili ndi mbali yake. Koma taganizani: nsomba imene palibe ndi mmodzi yemwe adaiwerengera, yongogwera m'khoka n'kukathera mumphika ndi tomato, ndiyo inali dokotala waulere wa mudzi wonse.

Khoka likamakokedwa silitenga nsomba zokha. Limazula udzu wa pansi pa madzi mobisala tiana ta nsomba, limasalaza zisa zija za pamchenga, limatenga chambo chachikazi ndi ana ali m'kamwa. Ena amasokerera neti ya udzudzu kuthumba la khoka, neti yomwe ija idaperekedwa ulere kuchipatala kuti mwana asadwale malungo. Zotsatira zake tikuziona pamsika. Kasawala, mwana wa chambo, akugulitsidwa pamulu ngati matemba. Ku Malombe chambo chidatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ife tikuona. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi, lidalengeza kuti mitundu itatu ya chambo ili pafupi kutheratu. Chambo chomwe chija cha pa semina.

Malamulo alipo. Miyezi ya Novembala ndi Disembala nyanja imatsekedwa ku makoka kuti chambo chiswane, ndipo m'midzi muli makomiti a pagombe. Koma musodzi amene ana ake agona ndi njala simungamuwerengere gazeti ya boma. Andale nawo akafika kuno nthawi ya kampeni salankhula za maso a ukonde, amaopa mavoti. Chonsecho chitsanzo chili pafupi. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula chaka ndi chaka kuyambira m'ma 1950, popanda mfuti kapena galimoto ya pulojekiti, ndipo asodzi amamvera chifukwa akatsegula amapha nsomba zooneka.

Dzuwa likupendeka ndidabwerera m'mudzi kudzera pagombe pomwe paja. Kumadzulo kudafiira, zilumba zidada, mbalame zakuda zosambira zija zikuuluka pamzere kupita kogona. Anyamata awiri a msinkhu wa Sitandade 4 ankakoka neti ya udzudzu m'madzi olekeza m'chiuno, wina uku wina uku. Atafika pamtunda adakhuthulira m'kabeseni tinsomba tosakwana dzanja, tina tating'ono moti maso okha ndiwo ankaoneka. Ndidafuna kulankhula, koma ndidakumbukira kuti ine ndikukadya kumalo ogona alendo, iwo ndiwo zawo ndi zomwezo.

Pafupi nawo kamtsikana kadakhala pansi m'madzi, kakukwecha poto ndi mchenga, kakuimba. Kutali pamadzi nyali za asiginala zidayamba kuyaka imodziimodzi mpaka kukhala ngati tauni yoyandama.

Nditabwerera ku tauni ndidapita kukaonana ndi adokotala poti nanenso ndidaviika thupi. Adandiuza kuti mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja a zaumoyo amagawa m'masukulu, koma ndidikire masabata 6 mpaka 8 chifukwa sagwira bwino tizilombo tisanakhwime. Adaonjeza kuti mankhwalawa sateteza: ukamwa lero n'kulowanso m'madzi omwewo mawa, wayambiranso.

Ine mapiritsi anga ali m'kabati, pambali pa tizigoba tiwiri tija, ndikuwerenga masiku. Kamtsikana kaja mawa m'mawa kali m'madzi momwemo ndi mapoto ake.